Munda Wolimira Nyama za M'tchire: Mbiri Yake ku America

Nkhani ya pa wailesi ya alimi, yokambidwa ndi Mlangizi wa Zaulimi

Lero ndikutengani kupita ku United States of America, kumene kuli anthu amene amalima munda, kuthiramo laimu ndi feteleza, kufesa mbeu yogula ndi ndalama, koma osakolola ngakhale dengu limodzi. Munda wonsewo amausiyira nyama za m'tchire kuti zidye. Kwa ife amene timagona kumunda kupirikitsa nguluwe ndi kulawirira m'mamawa kukaingitsa anyani, izi zimveka ngati misala. Komatu anthuwo ali ndi cholinga. Amafuna kuti nyama zizolowere kudya pamalo amodzi, ndipo ikakwana nyengo imene Boma limalola kusaka, mwini munda amakabisala pafupi ndi mfuti kapena uta, naphapo imodzi kapena ziwiri. Mbiri ya ntchito imeneyi ikhudza nthaka, malire a minda ndi funso lakuti nyama ya m'tchire mwini wake ndani, ndizo zinthu zimene inu mafumu mumaweruza pabwalo.

Ndiyambe ndi nyamayo. Azungu amaitcha deer, ndipo kuno kwathu kulibe. Msinkhu wake ndi wonga wa mbawala kapena kuposerapo, kotero m'nkhani ino ndiziitcha mbawala ya ku America. Mtundu umene tikunena uli ndi mchira woyera kunsi, umene imauimika ikamathawa. Nyanga za mbawala yathu zikamera zamera, imafa nazo. Koma iyi nyanga zake ziri ndi nthambi ngati mtengo, zimamera pa yamphongo, ndipo zimagwa chaka ndi chaka kumapeto kwa nyengo ya chisanu, zina n'kumeranso m'miyezi yowerengeka. Kadyedwe kake ndi konga ka mbuzi: imasankha nsonga zanthete, masamba a zitsamba ndi zipatso zakugwa, osati udzu wokhwima. Chifukwa cha ichi imakonda m'mbali mwa minda ndi m'matsala kuposa m'kati mwa nkhalango yowirira. Yaikazi imakhala ndi bere masiku ngati 200, ndipo ikamadya bwino imaswa ana awiri. Mau awa muwasunge, pakuti nyama yoswa awiriawiri imachuluka msanga ikatetezedwa.

Nzeru yokopa nyama ndi chakudya sidayambe ndi Azungu. Angerezi oyamba kukhala ku New England, m'zaka za m'ma 1630, adalemba kuti eni dziko ankatentha tchire la pansi pa mitengo chaka ndi chaka. Motowo unkatsegula njira, ndipo pa lupsa pankaphuka msipu umene mbawala zinkaukonda. Izi si zachilendo kwa inu, pakuti alenje athu akale ankadziwa kuti padambo popsa ndi pamene nyama zimatsikira msipu ukatuluka. Minda yeniyeni ya chimanga, nyemba ndi maungu nayonso inkakopa nyama. Mu 1976 mayi wina wofufuza zakale, Olga Linares, atapima mafupa a pamudzi wakale ku Panama, adapeza kuti nyama zambiri zimene anthuwo ankadya zidali zija zobwera kudzaba m'minda. Mlimi ankataya mbeu pang'ono napindula ndiwo.

Akatswiri amaganiza kuti Azungu asanafike mbawala zimenezi zidalipo pafupifupi 30,000,000. Chimene chidazitha ndi malonda. Ku Europe kunkafunika zikopa zosokera mathalauzi ndi zovala za m'manja, ndipo amalonda ankapatsa mitundu ya Cherokee, Creek ndi Choctaw mfuti, nsalu ndi kachasu wa Chizungu posinthana ndi zikopa. Pakati pa 1699 ndi 1715, pa doko la Charleston lokha pankatuluka zikopa zoposa 50,000 pa chaka. Chikopa chidasanduka ndalama, kotero kuti mpaka lero anthu a kumeneko dola imodzi amaitcha buck, ndilo dzina la mbawala yamphongo. Pambuyo pake kudabwera njanji, ndipo alenje amalonda adayamba kutumiza nyama m'mabogi kupita kumisika ya m'mizinda. Nkhalango zidadulidwa, anthu ankasaka ndi agalu, ndi nyali usiku, ndi pa chisanu pamene nyama sizitha kuthawa. Pofika chaka cha 1900 m'dziko lonse lija mudatsala mbawala zosapitirira 500,000. M'zigawo zina munthu akaona phazi la mbawala idali nkhani yokauza anzake.

Tsono tamverani za lamulo, pakuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ku England, kumene atsamunda ambiri adachokera, mbawala zidali za mfumu ya dziko ndi za nduna zolemera, zimene zinkazitsekera m'mipanda ikuluikulu. Munthu wamba akapha imodzi ankalangidwa koopsa. Anthu a ku America adakana mwambo umenewu. Kwa iwo nyama ya m'tchire ndi ya anthu onse, ndipo Boma la chigawo chirichonse limaisunga m'malo mwa anthuwo. Bwalo lalikulu la milandu lidagamula motero mu 1896, ndipo ngakhale mbali zina za chigamulocho zidasinthidwa pambuyo pake, mfundoyo ikadalipo. Taonani tsono chimene chimatuluka pamenepa. Munda ndi wa mwini wake, ndipo palibe angalowemo osapempha. Koma mbawala imene ikudya m'mundamo si yake kufikira ataipha motsata lamulo. Ikalumpha malire n'kulowa kwa mnansi, mnansiyo ndiye ali ndi mwai. Munthu amene afuna kuti nyama ya onse izipezeka pamalo pake, njira imene ali nayo ndi kuikonzera chakudya choposa cha kwa mnzake.

Koma mu 1900 kudalibe nyama yoti munthu n'kuikopa. Malamulo oletsa kusaka m'miyezi ina adalipo kuyambira kale, loyamba ku Rhode Island mu 1646, koma padalibe owalondola, ndipo munthu ankatha kupha nyama m'chigawo china n'kukaigulitsa m'chigawo china. Phungu wina wa ku Iowa, John Lacey, ndiye adatseka khomo limeneli. Lamulo lotchedwa ndi dzina lake, la mu 1900, lidaletsa kuolotsa malire a zigawo nyama yophedwa mophwanya lamulo. Msika wa nyama za m'tchire udayamba kufa. Chigawo cha Pennsylvania chidachita zoposa apa: kuyambira 1906 chidagula mbawala ku Michigan ndi kwina n'kuzimasula m'nkhalango zake, ndipo mu 1907 chidalamula kuti aziphedwa amphongo okha.

Lamulo lija lidagwira ntchito mopitirira muyeso. Zisanathe zaka 20 alimi a ku Pennsylvania adayamba kudandaula kuti mbawala zikuwathera minda, ndipo nyengo ya chisanu zinkafa ndi njala m'nkhalango zimene zidadya zokha mpaka kuyera. Pamene Boma lidalola kupha zazikazi mu 1928, alenje ambiri adakwiya kwambiri, pakuti adakula akumva kuti kupha yaikazi ndi tchimo. Zonga zomwezi zidachitika ku Kaibab, m'chigawo cha Arizona. Pulezidenti Theodore Roosevelt adateteza malowo mu 1906, kusaka kudaletsedwa, ndipo alenje a Boma adapha mimbulu ndi zirombo zonga nyalugwe zotchedwa puma. Mbawala za kumeneko, za mtundu wina wa makutu ataliatali, zidaswana mpaka kudya zitsamba zonse pamene pakamwa pafika, ndipo kuyambira chisanu cha 1924 zidafa zambirimbiri. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho gulu la anthu, ena pa akavalo ena pansi, lidayesa kuzikusa ngati ng'ombe kuti ziolokere tsidya lina la chigwa chachikulu cha Grand Canyon. Sadaolotse ngakhale imodzi. Aliyense amene adayesapo kukusa nkhanga angadziwe mmene zidathera.

Munda wolimira nyama monga tiudziwa lero udayambira pa mbalame. Kummwera, pakati pa Thomasville ku Georgia ndi Tallahassee ku Florida, anthu olemera adagula minda yakale ya thonje kuti azisakiramo mbalame yonga zinziri yotchedwa bobwhite. Mbalamezo zitayamba kuchepa, adasonkha ndalama nalemba ntchito Herbert Stoddard mu 1924 kuti apeze chifukwa. Iye adakhala zaka zingapo akutsegula zithokomiro za mbalame, kuwerenga zisa ndi kuyenda m'minda, ndipo buku lake lidatuluka mu 1931. Chimene adapeza n'chakuti zinzirizo zinkakhala bwino m'timinda ting'onoting'ono ta alimi osauka, tokhala ndi udzu m'malire ndi tchire lotenthedwa pa nthawi yake. Timindato titasiyidwa ndi moto utaletsedwa, tchire lidawirira ndipo chakudya chidasowa. Adalangiza kuti azitentha mosamala ndi kulima tizigawo ta mbeu apa ndi apo tosiyira mbalame. Akuluakulu a za nkhalango a nthawi imeneyo adadana nawo malangizo a motowo, koma lero amawatsata.

Mnzake wa Stoddard adali Aldo Leopold, amene mu 1933 adalemba buku la kasamalidwe ka nyama zosaka nakhala mphunzitsi wa maphunziro amenewa pa University of Wisconsin. Chiphunzitso chake chidali chakuti nyama za m'tchire ndi zokolola za nthaka monga chimanga, ndi kuti zida zomwe zidaziononga, ndizo nkhwangwa, khasu, ng'ombe, moto ndi mfuti, zingathenso kuzibweza ngati munthu azigwiritsa ntchito mwanzeru. Inu anyakwawa mumve chimene adachita mu 1931 pa kamudzi ka Riley. Alimi a kumeneko ankavutika ndi anthu a m'tauni olowa m'minda mwao ndi mfuti osapempha. Alenje ena a m'tauni, aulemu, ankasowa kosaka. Leopold adawakhazika pamodzi napangana kuti alimi apereke malo, mbeu ndi manja, a m'tauni apereke ndalama, ndipo osaka pamalopo akhale a m'chipanganocho okha. Adabzala mitengo yobisalamo nyama nasiya chakudya cha mbalame m'nyengo ya chisanu.

Leopold yemweyo adachenjezanso. Mu 1935 adapita ku Germany naona nkhalango zobzalidwa mtundu umodzi wa mitengo, zopanda zitsamba pansi, zopanda zirombo zolusa, koma zodzaza ndi mbawala zimene ankazipatsa udzu wouma ngati ng'ombe za m'khola. Nyamazo zinkasenda makungwa a mitengo chifukwa cha njala. Adabwerera kwao ali wotsimikiza kuti kudyetsa nyama zochuluka kuposa zimene nthaka ingathe kusunga kumaononga nyama ndi nkhalango pamodzi.

Ndalama zobwezera nyama zidapezeka mu 1937, ndi lamulo lotchedwa Pittman-Robertson, maina a aphungu awiri amene adalibweretsa. Msonkho wa mfuti ndi zipolopolo udapatulidwa kuti uzigwira ntchito ya nyama za m'tchire basi. Boma lalikulu limalipira magawo atatu a ntchito, chigawo gawo limodzi, ndipo chigawo chimene chitenga ndalama za malaisensi a alenje n'kukagwiritsa ntchito zina sichilandira kanthu. Ine ndiona kuti mau otsirizawa ndiwo adali mphamvu ya lamulolo. Ndi ndalama zimenezi adagula malo, adalemba ntchito akatswiri, natchera mbawala zamoyo kumene zidatsala n'kukazitula kumene zidatha.

Zinthu zina zidathandiza popanda wozikonza. Kachirombo koboola thonje kadalowa ku Texas mu 1892 ndipo pofika m'ma 1920 kadafalikira m'dera lonse la thonje. Mabanja ambirimbiri adasiya minda napita kumizinda, ndipo matsala ao adamera zitsamba zimene mbawala zimakonda. Kudalinso ntchentche yoikira mazira pa zilonda ndi pa mchombo wa ana a ng'ombe ndi a mbawala, mphutsi zake n'kumadya nyama yamoyo. Popeza yaikazi imakwerana kamodzi kokha, akatswiri adaulutsa ndi ndege ntchentche zamphongo zosabereka zambirimbiri, ndipo mu 1959 ntchentcheyo idatha ku Florida. Adachita izi chifukwa cha ng'ombe, koma ana a mbawala adapulumukira pomwepo.

Alangizi a Boma a nthawi imeneyo adagawanso mbeu zina zimene pambuyo pake zidasanduka mliri. Chomera choyanga cha ku Japan chotchedwa kudzu ankalipira mlimi mpaka madola 8 pa ekala kuti achibzale poteteza nthaka. Mu 1970 Boma lomwelo lidachilemba m'gulu la zomera zoononga, chitakwera pa mitengo ndi pa nyumba. Chitsamba chaminga cha multiflora rose adachigawa kuti chikhale mpanda ndi pobisala nyama, ndipo lero alimi amataya ndalama kuchizula m'mabusa. Amene mwalimbana ndi lantana mudziwa vuto lake.

Pofika m'ma 1970 mbawala zidabwerera, ndipo funso lidasintha. Mu 1975 akatswiri awiri a ku Texas, Al Brothers ndi Murphy Ray, adalemba buku lonena kuti alenje akupha amphongo onse akadali aang'ono ndi kusiya zazikazi zochuluka, kotero nyama zikuchepa thupi. Mu 1988 Joe Hamilton wa ku South Carolina adayambitsa bungwe la Quality Deer Management Association lofalitsa chiphunzitso chimenechi. Chaka chomwecho Ray Scott wa ku Alabama adatsegula kampani ya Whitetail Institute nayamba kugulitsa mbeu ya clover m'matumba ojambulidwa mbawala. Kuyambira pamenepo ntchito imene idali ya Boma ndi ya anthu olemera idafika kwa munthu wamba wokhala ndi maekala 40 ndi thirakitala yakale.

Tsono tione mmene mundawo amausamalira, pakuti apa mlimi aliyense amva ngati ndikunena za munda wake. Malo ake sakhala aakulu. Wosakirapo umakhala theka la ekala kapena ekala imodzi, wobisika m'kati mwa mitengo kuti nyama zisaope kutulukira dzuwa lisanalowe. Wodyetsera umakhala wokulirapo, ndipo ambiri sasakirapo konse. Alangizi a kumeneko amati minda yonse pamodzi isapitirire maekala 5 pa maekala 100 alionse. Ntchito yoyamba ndi kutapa dothi n'kulitumiza kukapimitsa. Muyeso wa kuwawasa kwa dothi umatchedwa pH, ndipo clover amafuna kuti ukhale pakati pa 6 ndi 7. Dothi la m'nkhalango za paini kawirikawiri limakhala lowawasa kuposa apa, kotero pamafunika laimu, nthawi zambiri tani imodzi kapena ziwiri pa ekala, wothiridwa miyezi ingapo asanafese pakuti amagwira ntchito pang'onopang'ono. Anthu ambiri amalumpha ntchito imeneyi. Amagula thumba la mbeu lokongola, amathira feteleza wambiri pa dothi lowawasa limene silingathe kumupereka ku mizu, ndipo zikakanika amati mbeu ndiyo yoipa.

Clover ndi chomera chachifupi cha masamba atatuatatu, cha banja la nyemba. Monga mtedza ndi nandolo, mizu yake iri ndi timatuza timene timaonjezera chonde m'nthaka, ndipo mbeu yake amaipaka tizirombo tothandiza timatuzato asanafese. Njere zake ndi zazing'ono kuposa za mawere. Ukazikwirira kwambiri sizimera, kotero amangozimwaza pa dothi losalala n'kutsendera. Akamera bwino amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, koma pokhapokha mwini wake azimweta udzu ndi zitsamba zomera pamwamba pake kawiri kapena katatu pa chaka ndi kuthira feteleza wopanda mchere wa nayitrojeni wambiri, pakuti mchere umenewu umangonenepetsa udzu wopikisana naye.

Mbeu zina amazisankha poona nyengo ziwiri za njala. Yoyamba ndi kumapeto kwa chirimwe chao, m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, pamene zomera za m'tchire zakhwima koma zazikazi zikuyamwitsa ndipo amphongo akumeretsa nyanga. Pa nthawi imeneyi nyama imafuna chakudya chomanga thupi chofika 16 pa 100, ndipo amaibzalira soya, khobwe ndi nkhungudzu. Inde, khobwe ndi nkhungudzu zomwezi. Zonse ziwiri kwao ndi kuno ku Africa. Khobwe adaoloka nyanja m'nthawi ya malonda a akapolo, ndipo nkhungudzu amazikonda kummwera kwa Texas chifukwa zimapirira chirala. Chitambe chimene amai athu amafutsa, kumeneko chimadyedwa ndi mbawala chiri chiimire. Njala yachiwiri ndi ya chisanu, pamene mitengo yayoyola masamba ndipo kumpoto pansi pakutidwa ndi chipale. Pokonzekera nyengo imeneyi amafesa tirigu, oats, repu ndi tanaposi. Mbawala zimalimbikira repu ndi tanaposi chisanu chikagwa, ndipo zimafukula ndi ziboda mpaka kudya zikhawo zake.

Pali kachida kamodzi kamene ndimakakonda chifukwa n'kotsika mtengo ndipo sikanama. Pakati pa munda amaimikapo kampanda ka waya kozungulira, kotalika ngati munthu wamfupi, kuti nyama zisadye m'kati mwake. Pakapita milungu ingapo mwini munda amayerekeza. Ngati m'kati ndi kunja zonse n'zofota, vuto ndi dothi kapena mvula. Ngati m'kati mbeu zafika m'maondo koma kunja kwametedwa mpaka pansi, vuto ndi kuchuluka kwa nyama, ndipo feteleza sangathandize. Za kusaka kwenikweni ndingonena mwachidule: mlenje amakhala pa kansanja m'mtengo, kumene mphepo ikuchokera ku nyama kubwera kwa iye, ndipo sapitako masiku onse, pakuti mbawala ikangomva fungo la munthu kawiri katatu imayamba kubwera usiku wokha, pamene lamulo limaletsa kuombera.

Kampanda kaja katibwezera ku Pennsylvania ndi ku Kaibab. Lero mbawala ziriponso pafupifupi 30,000,000, ndipo alenje amapha ngati 6,000,000 pa chaka osazichepetsa. Ngozi za magalimoto ogunda mbawala zimapitirira 1,000,000 pa chaka. Alimi a soya, a chimanga ndi a zipatso amataya mbeu zambiri, ndipo m'nkhalango zina mitengo yaing'ono simakula chifukwa imadyedwa ikangophuka. Munda wa ekala imodzi sungadyetse mbawala chaka chonse. Chakudya chake chochuluka chimachokerabe m'tchire ndi m'minda ya anansi. Chimene mundawo umachita ndi kusonkhanitsa nyama ndi kuzinenepetsa kuti ziswe awiriawiri. Ndiye chifukwa chake akatswiri amauza wolima munda wotere kuti ali ndi ngongole yopha zazikazi zokwanira chaka chirichonse. Ambiri safuna. Amafuna yamphongo ya nyanga zazikulu yokapachika pakhoma, ndipo zazikazi zimene azinenepetsa zimakagona m'soya wa mnansi amene sadapemphe zimenezo.

Malire nawonso ndi nkhani. Yamphongo imodzi imayendayenda m'dera la maekala 640 kapena kuposa, pamene eni malo ambiri ali ndi maekala ochepera apo. Wina akaleka yamphongo yaing'ono kuti ikule, mawa lake imaphedwa kutsidya kwa waya. Ku Texas olemera ena amamanga mipanda yaitali kuzungulira malo ao onse, ndipo anansi amadandaula kuti atsekera nyama ya anthu onse. M'zigawo zambiri eni malo oyandikana amachita monga adachitira a ku Riley: amakumana nyengo yosaka isanayambe, napangana msinkhu wa yamphongo yoyenera kuphedwa ndi chiwerengero cha zazikazi, ndipo nyama iriyonse yophedwa amaiyeza pa sikelo n'kusunga chibwano chake kuti adziwe zaka zake poona mano. Mafumu amene mudamva kwa makolo za uzimba, mmene ulenje wa mudzi wonse unkayambira pa chilolezo cha mfumu ndi mmene nyama inkagawidwira, muona kuti mlandu wake ndi womwewo.

Palinso ulesi wina umene udabala tsoka. M'malo molima, anthu ena amangothira mulu wa chimanga kapena karoti pansi. Zigawo zambiri zimalola munda wolimidwa koma zimaletsa mulu wotere, ndipo chifukwa chake chidaoneka ku Michigan. Kumpoto chakummawa kwa chigawocho magulu a alenje ankathira chakudya ndi malole nyengo ya chisanu, mbawala n'kumadya mphuno zitagundana. Mu 1994 mlenje wina adapha mbawala yodwala chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndipo atapima zina adapeza kuti nthendayo yakhazikika m'nyama za m'tchire. Kuyambira 1998 idayamba kupezeka m'makola a alimi. Ng'ombe za makola athunthu zidaphedwa polamulidwa ndi Boma, ndipo mu 2000 Michigan idachotsedwa pa mndandanda wa zigawo zopanda nthendayi, kotero kugulitsa ng'ombe kunja kwa chigawo kudavuta. Alimi amene adataya ng'ombe ambiri sadali alenje konse.

Nthenda yachiwiri ndi yoopsa kuposa iyi. Idaoneka koyamba mu 1967 pa mbawala zosungidwa mumpanda ku Colorado. Imaononga ubongo, nyama imaonda, imatuluka dovu, niyenda ngati yoledzera mpaka kufa. Iribe mankhwala kapena katemera, imafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe, ndipo chimene chimaiyambitsa chimakhala m'dothi zaka zambiri. Mu 2002 idapezeka ku Wisconsin, kumene Leopold ankaphunzitsa, mu 2016 ku Norway, ndipo tsopano yapezeka m'zigawo zoposa 30 za United States. Chifukwa cha nthendayi Michigan idaletsa milu ya chakudya m'dera lake lonse la kummwera kuyambira 2019. Munda wolimidwa umamwaza nyama pamalo otakasuka kuposa mulu, koma kamunda kakang'ono kodyedwa mpaka pa dothi sikasiyana kwenikweni ndi mulu, ndipo alenje ndi akatswiri a Boma amakanganabe za pamene malire ayenera kukhala.

Wina asamve nkhani ino n'kukabzala khobwe m'mphepete mwa nkhalango kuti atchere gwape. Kuno ku Malawi lamulo la National Parks and Wildlife Act la mu 1992 limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo cha Boma, ndipo nyama zathu za kunja kwa malo osungirako nyama ndi zochepa, monga zidaliri za ku America mu 1900. Koma kupimitsa dothi, kuthira laimu pa nthaka yowawasa ndi kuimika kampanda ka waya pabusa kuti muone ngati mbuzi ndi ng'ombe zachuluka, izi mungathe kuyamba chaka chino. Amene afuna kudziwa katapidwe ka dothi lokapimitsa akaonane ndi mlangizi wa m'dera lao mvula isanagwe.